Magawo Anga 410 ndi Chidindo Chopita ku Maliro

Maulendo atatu. Lolemba, Lachinayi, Lachiwiri. Kupalasa njinga kuchoka ku Madzimoyo mpaka m'tauni ya Chipata, dzuwa la Novembala lili pamutu, ine munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Ndabwerako ndi chiyani? Cheke cha K6,150 chimene sindingathe kuchisintha, ndi kalendala ya chaka chamawa. Kalendalayo ndi yokongola, sindikana. Pali chithunzi cha mayi akumwetulira m'munda wa chimanga chobiriwira. Kaya feteleza anagula ndi chiyani mayi ameneyo.

Ndine Zulu, amene ambiri a inu mumangonditcha aphunzitsi. Ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi chimodzi, poyamba ku Chiparamba, kenako kuno kwathu, mpaka ndinapuma chaka chatha. Masamu, anzanga. Ndanena dala kuti pamene muziseka, muziseka mokwanira.

Ofesi ija sinditchula dzina. Amene muli ndi pepala la mphepete zobiriwira m'nyumba mwanu mukuidziwa bwino.

Mukukumbukira chaka chatha mu Julayi, titangogulitsa thonje. Kunabwera galimoto yoyera ya sipika pamwamba, ndi amuna awiri a mataye. Anatisonkhanitsa pabwalo la mpira. Anati popeza boma layamba kugulitsa makampani ake, lakonza thumba loti nafenso anthu wamba tigulemo magawo, tisangosiyira azungu ndi mabwana a ku Lusaka. Gawo limodzi K1,000.

Vuto linali chilankhulo. Mmodzi Chingerezi chokhachokha. Winayo Chinyanja cha ku Lusaka chija chosakaniza ndi Chibemba. Akuluakulu akungoyang'anana. Alendowo anafunsa ngati alipo amene angamasulire. Mukuganiza anaimirira ndani? Palibe anandikakamiza. Ndinachita kuthamanga, uku ndikukonza kolala.

Mkulu wa Chingereziyo ananena kuti boma lili kumbuyo kwa thumbali. Ine ndinaona kuti mawuwo ndi ozizira. Ndinathirako mchere. Ndinati, "Akuti ndalama zanu boma lazigwira m'manja mwake. Tsiku lililonse mwazifuna mukatenga, ndi phindu pamwamba." Anthu anawomba m'manja. Mkulu uja anamwetulira, n'kugwedeza mutu. Mnzake wa Chinyanja cha ku Lusaka anamva zonse, sanandikonze. Ine ndinakhala pansi mtima uli mbee, ngati ndapambanitsa kalasi yonse.

Pamzere ndinali woyamba. K350,000 ya penshoni yanga. Mkazi wanga, amake Tisa, anali ndi K60,000 ya nshawa zawo m'kachitini. Anakana poyamba. Anati, "Atate ake Tisa, ndalama yosaiona ndi maso imakula bwanji?" Ndinatola kamtengo, ndinawajambulira maperesenti pansi pabwalo, anthu akuona. Anapereka, koma osandiyang'ana. Onse pamodzi magawo 410.

Kumbuyo kwanga kunaima anthu khumi ndi mmodzi. Mmodzi mwa iwo anali Mai Daka, amasiye oyandikana nafe, a ana anayi. Anagulitsa nkhumba zawo ziwiri, K90,000. Ndinawamva akuuza mnzawo kuti, "Ngati aphunzitsi aikamo zawo, ine ndine ndani wokayika?" Ndinanamizira kusamva, koma zinandikoma.

Satifiketi inafika mu Seputembala. Mukudziwa chimene ndinachita nayo? Ndinapita nayo kwa kalipentala. K2,500. Anaiika m'felemu ya matabwa a mukwa, galasi kutsogolo, kathabwa kumbuyo, misomali inayi. Ndinaipachika pabalaza pambali pa satifiketi yanga ya uphunzitsi. Mlendo aliyense ndinkamukhazika mpando woyang'ana komweko.

Tsopano chaka chino. Nonse mukudziwa kuti feteleza wa ngongole kulibe, depoti ija tinkatengako anakhoma kalekale. Wopanda ndalama m'manja alime chimanga chachikasu. Mitambo itayamba kusonkhana, amake Tisa anati, "Pitani mukatenge ndalama zija. Pano zakula."

Lolemba ndinafika 07:40, felemu yokulungidwa m'chitenje, yomangidwa pakaliyala. Pachitseko analemba kuti amatsegula 08:30. Ndinakhala pakhonde. 08:30 inakwana. 08:50. Mlonda anandiuza kuti wa makiyi amachokera ku komboni ya Nabvutika, ndipo amabwera wapansi. Chitseko chinatseguka 09:15. Wotchi ya pakhoma m'katimo inkanena 06:05. Inafa kalekale, koma wina amaipukuta fumbi.

Pakauntala panali mtsikana. Atandiona anaimirira. "Aphunzitsi! Simundikumbukira? Esinati, giredi seveni, ku Chiparamba."

Ndinamukumbukira. Ndinamugwaditsapo pa miyala ameneyu chifukwa cholephera maperesenti. Koma mumtima ndinati basi, lero ndi tsiku langa, mwana wanga ali pakauntala.

Ndinati ndabwera kudzatenga ndalama zanga. Anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, n'kucheukira chitseko cha bwana wake. Kenako anati pamafunika fomu, koma mafomu anatha.

"Anatha liti?"

"Mwezi watha, aphunzitsi."

"Nanga bwanji osalemba pachitseko kuti anthu asamavutike?"

Anati mapepala olembapo nawonso anatha. Ndibwere Lachinayi, basi ya ku Lusaka ikhala itabweretsa.

Ofesi yosunga mamiliyoni a anthu, yopanda pepala limodzi. Munthu wanzeru akanayamba kuda nkhawa pomwepo. Ine ndinapita kukaonera mitengo ya feteleza, n'kumawerenga matumba amene ndidzagula. Ndinafunsanso mtengo wa ngolo yodzanyamulira.

Lachinayi ndinachenjera, ndinafika 09:20. Anali atatsegula 08:30 yeniyeni. Pabenchi anthu khumi ndi atatu. Ndinafika pakauntala 11:35. Fomu ilipo, Mulungu alemekezeke. Masamba anayi, Chingerezi cha maloya. Ndinadzaza. Ndinadzaziranso bambo wina wa ku Chiparamba amene sanathe kuwerenga, chifukwa matenda anga omasulira sanandithere.

Nditapereka, Esinati anandiuza kuti pakufunika fotokope ya reji, chitupa changa cha boma, ndi ya satifiketi. Lolemba sananene zimenezo. Makina awo? Anafa. Ndipite kusitolo ya kutsidya kwa msika.

Ndinapalasa. K200 pepala limodzi. Mwini makina anati ndichotse satifiketi m'felemu. Ndinakana. Ndinati ingade. Anaiika pamakina ndi galasi lomwe, inatuluka yakuda ngati yaotchedwa, koma manambala ankaoneka. Ndinabwerera 12:50. Chitseko chotseka. Lanchi.

Lanchi ya ofesi ija imayamba 12:45, imatha pamene akhuta. Tsiku limenelo anakhuta 14:20. Ine ndinadya nthochi ziwiri pansi pa mtengo, felemu ili pamiyendo ngati mwana wodwala.

Esinati analandira mapepala onse. Anawerenga. Anati zonse zili bwino, kwangotsala chidindo.

"Dindani, mwana wanga."

Anayang'ana pansi. Anati chidindo chimakhala m'dirowa ya a manijala. A manijala apita ku maliro ku Katete. Kiyi ya dirowa apita nayo.

Anzanga, maliro ndi maliro, tonse timapita. Koma ndifunse. Kiyi inali pachibale chanji ndi malemuwo? Inakagwira ntchito yanji kumanda? Ofesi yonse ya anthu asanu, palibe mmodzi wokhulupirika kumenyetsa kamphira papepala?

Anati ndibwere Lachiwiri. Anandipatsa kalendala.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi Mai Daka anandipeza. Anati amva kuti ndikutenga zanga, nawonso akufuna zawo, chifukwa mbewu ali nayo koma feteleza alibe. Ndinati tipitire limodzi, ndikawathandiza kulankhula. Ine. Kuwathandiza kulankhula. Kachiwiri.

Lachiwiri iwo anakwera minibasi, K800. Ine njinga. Tinakumana pakhomo 08:25. A manijala anafika 10:10, anadutsa osapereka moni. 10:40 munalowa tiyi. 11:05 munatuluka makapu. 11:30 anatiitana.

Ndi mwamuna wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Sanatipatse mpando. Ine ndinakokera Mai Daka umodzi, ndekha ndinaima. A manijala anayang'ana felemu imene ndinaika patebulo pawo, n'kuseka pang'ono. Anafunsa chimene tikufuna. Ndinati tabwera kudzatapa ndalama zathu ndi phindu lake.

Anati, "Mudala, kuno si ku banki."

Mudala, ngati nkhalamba wamba ya pamsika. Zaka makumi atatu ndi chimodzi za choko m'mapapo.

Anati kuno satapa. Anati ndalama ndinapereka kale, chimene ndili nacho ndi magawo. Ndikafuna ndalama ndigulitse magawowo pa mtengo wa lero. Mtengo wa lero K820.

Ndinati mwina sindinamve. Ndinagula pa K1,000.

Anati inde, watsika.

Ndinati, "Watsika bwanji boma lili kumbuyo kwake?"

Anati boma linakhazikitsa thumbali ndipo limaliyang'anira kuti asabe. Koma silinalonjeze munthu aliyense kuti mtengo sudzatsika. Anati zonse zinalembedwa. Anatenga kiyi, ija yomwe ya ku maliro, n'kupinda misomali inayi ya felemu yanga. Anachotsa kathabwa. Anatulutsa satifiketi. Anaitembenuza.

Kumbuyo kunali malemba, anzanga. Tsamba lonse. Ting'onoting'ono ngati nyerere, koma malemba. Chaka ndi miyezi iwiri ndakhala ndikupukuta galasi lakutsogolo Loweruka lililonse, osadziwa kuti pepalali lili ndi msana.

Anaika chala pa ndime yachisanu ndi chiwiri. Mtengo ukhoza kukwera, ukhoza kutsika. Ndime yachisanu ndi chinayi: wogulitsa amadulidwa K5 pa K100 iliyonse. Ndime ya khumi: mapepala amapita ku Lusaka, ndalama zimabwera pakatha masabata asanu ndi limodzi.

Mutu wa mphunzitsi sugona, ngakhale pamene ukanayenera kugona. Ndili chiimire ndinali nditawerenga kale. Magawo 410 pa K820 ndi K336,200. Kuchotsa zawo, K319,390. Chaka chatha thumba la feteleza linali K18,000, ndalama zanga zikanagula matumba 22. Lero thumba ndi K29,000. Matumba 11. Theka lenileni. Ndipo adzafika mu Januwale, chimanga chitafika m'chiuno, kapena chitafa.

Ndinafunsa za phindu. Anati lilipo, bwanji sindinafunse kale. Anatsegula dirowa, n'kutulutsa mulu wa macheke omangidwa ndi mphira. Akhala m'menemo kuyambira Epulo. Palibe anatitumizira mawu. K15 pa gawo. Changa K6,150. Cha Mai Daka K1,350, chosakwana ngakhale minibasi yopita ndi kubwera. Ndinati chabwino, tipatseni ndalamazo. Anati cheke ndi cha mizere iwiri, chimalowa mu akaunti ya ku banki basi. Ine akaunti ndilibe, penshoni ndinalandirira ku positi ofesi. Kutsegula akaunti amafuna K20,000.

Ndiye kuti ndipereke K20,000 kuti ndione K6,150. Funso lotere ndikanalilemba pa bolodi, makolo akanabwera kudzadandaula.

Nthawi yonseyi tinkalankhula Chingerezi. Mai Daka sankamva kalikonse. Kenako anandikoka shati.

"Aphunzitsi, akuti bwanji?"

Sindinathamangire kumasulira tsiku limenelo. Ndinawauza pang'onopang'ono, osathira mchere. K90,000 yawo yasanduka K70,110. Matumba asanu asanduka awiri. Mu Januwale.

Anati, "Ndiye kuti nkhumba zanga zaonda?"

Anatembenukira kwa a manijala. Anafunsa mwaulemu kuti nanga zija ananena pabwalo la mpira, zoti tsiku lililonse tikatenga ndi phindu pamwamba, zinapita kuti? A manijala anayankha m'Chinyanja chabwinobwino, chimene sindinadziwe kuti ali nacho. Anati palibe munthu wa ofesi yawo angalankhule zotero. Anafunsa kuti ananena ndani.

Mai Daka sanaloze chala. Anangoti, "Tinamva pa Chinyanja."

Ndagwidwapo ndi oyendera sukulu ndisanakonze phunziro. Ndagwapo panjinga pamaso pa apongozi. Koma manyazi a m'chipinda chija sindinawaonepo.

Ndinasaina kuti ndigulitse. Ndikanatani? Chidindo chinatuluka. Phaa. Kamphindi kamodzi. Maulendo atatu chifukwa cha phaa ameneyo. A manijala anayang'ana wotchi ya pamkono, anati wotsatira alowe. Felemu ndinatola ndekha, thabwa padera, galasi padera.

Tili pakhonde, Esinati anatuluka ngati akukataya madzi a m'kapu. Anatiitanira kuseri. Anatenga envulopu yakale ndi bolopeni. Anati, "Amayi, mukakolola nshawa, mumagulitsa zonse mu Meyi?"

Mai Daka anati ayi, zina amasunga kudikira mtengo wa Disembala.

"Nanga mtengo umakwera chaka chilichonse?"

"Zaka zina umagwa."

"Ndi zomwezi. Magawo ndi nshawa zosunga. Mumaikamo ndalama imene simuifuna chaka chino kapena chamawa. Ya feteleza, ya sukulu, ya chipatala, simuika muno."

Mphindi zisanu sizinakwane. Mwana amene ndinamugwaditsa pa miyala. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze Lolemba lija. Anati analetsedwa kufotokozera anthu za mtengo, zimenezo ndi za a manijala okha, akuti anthu angachite mantha n'kugulitsa onse. Anatinso, "Komanso aphunzitsi, ndinkaona ngati mukudziwa. Ndinu munatiphunzitsa."

Mai Daka anapinda satifiketi yawo, anaimanga pansonga ya chitenje. Anati sagulitsa, adikira, popeza kugulitsa lero sikuwapatsa feteleza wa lero. Anamvetsa msanga kuposa ine. Kenako ananena mawu amene akundisowetsa mtendere mpaka pano. Sanakalipe. Anati, "Akanatiuza chonchi, ndikanagulitsa nkhumba imodzi yokha."

Kunyumba ndinafotokoza zonse ndili chiimire pakhomo. Amake Tisa ankasenda nshawa za mbewu. Sanasiye. Anafunsa kuti pa K60,000 yawo patsala zingati. Ndinati K46,740. Anati, "Mwawerenga msanga. Mutu ulipo ndithu." Kenako anati mawa ndigulitse mbuzi ziwiri ndi wailesi, ndigule matumba awiri, limodzi lipite kwa Mai Daka. Ndinayamba kunena kuti si ine ndinatsitsa mtengo. Anati, "Anamasulira ndani?"

Mbuzi zinapita Lachitatu. Wailesi Lachinayi. Mvula inagwa Lachisanu. Thumba limodzi pa maekala atatu, tikuchita kuthira ndi kachivundikiro ka botolo.

Mlandu wanga ndauvomera, ndipo ndaulemba pano ndi dzanja langa. Koma a ofesi ija musabisale kumbuyo kwa uchitsiru wanga, ngakhale ndi waukulu mokwanira kubisa anthu asanu.

Munabwera ndi galimoto ndi sipika kudzatenga ndalama zathu pakhomo. Bwanji pobweza tiyenera kukutsatani katatu? Munthu wanu anamva ndikulonjeza zimene kulibe, bwanji sanandikhazike pansi? Kodi n'chifukwa choti mzere unali kutalika? Mawu akuti gulani munawalemba m'Chinyanja pa mapepala aakulu okhoma m'mitengo. Mawu akuti mtengo ukhoza kutsika munawalemba m'Chingerezi, kumsana, ting'onoting'ono. Womasulira anasowa pa mawu amenewo okha? Macheke a anthu akhala m'dirowa miyezi isanu ndi iwiri, mumadikira kuti aswe ana? Ndipo mtsikana yekhayo amene amatha kufotokozera mlimi m'mphindi zisanu, mwamutseka pakamwa chifukwa chiyani?

Ndikufuna mayankho olembedwa. M'Chinyanja. Mapepala ngati mulibe, ndikubweretserani, ndinatsala ndi makope a ana asukulu.

Ndipo inu anzanga, thumbali mwina si loipa. Sindikudziwa, ndipo ndaphunzira kunena kuti sindikudziwa. Koma munthu wa tayi akakuuzani kuti boma lili kumbuyo, mufunseni kuti laima patali bwanji. Mufunseni kuti ndikafuna ndalama yanga Lachiwiri, ndiipeza liti, ndipo ikhala zingati. Akayankha m'Chingerezi, musalole womasulira wothamanga yekha kutsogolo.

Inu khumi otsala amene munaima kumbuyo kwanga pamzere uja, Lamlungu likudzali tikatuluka m'mapemphero musabalalike. Bwerani ndi masatifiketi anu pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi. Esinati wavomera kubwera, ndamulipirira minibasi. Iye azifotokoza, ine ndikhala pabenchi ngati wina aliyense, ndipo ndikafuna kulankhula ndiziimika dzanja. Akatha, amene muli ndi mawu oti mundiuze mudzandiuze pamaso, ndidzaima mpaka womaliza. Koma mufike msanga. Malo oyamba amake Tisa atenga kale.